Kulondola kolera ndi taifodi mu Harare pogwiritsa ntchito DNA ya tizilombo

Kolera itabuka ku Glen View ndi ku Budiriro mu Seputembala 2018, achipatala sanachedwe kuona kuti mankhwala awiri omwe ankawadalira, ciprofloxacin ndi ceftriaxone, sakuphula kanthu. Kuyeza kwa masiku onse kwa m'labotale kunatsimikiza kuti kachilomboko sikakumva mankhwalawo, koma sikukanatha kunena kuti mphamvu imeneyo kaitenga kuti, kapena kuti ndi ka banja liti. Izi zinadziwika DNA yake itawerengedwa yonse. Kanali ka m'nthambi yotchedwa T13, yomwe masiku ano imalembedwa AFR13, nthambi yomwe inali itazunza kale kum'mawa kwa Africa ndi ku Yemen, ndipo kanali katanyamula plasmid yaikulu, kachidutswa ka DNA kapadera komwe mabakiteriya amatha kupatsirana, yodzaza ndi majini okana mankhwala, kuphatikizapo blaCTX-M-15 lomwe limachititsa ceftriaxone kukhala wopanda ntchito. Anthu oposa 10,000 anadwala pa mliri umenewo. Pa wa 2008 ndi 2009 odwala anaposa 98,000 m'dziko lonse ndipo omwalira anaposa 4,000.

Maziko a ntchito imeneyi ndi osavuta. Kachilombo kakamaswana kamakopera DNA yake, ndipo mwa apo ndi apo kamalakwitsa chilembo chimodzi. Cholakwikacho chimapitirira kwa zidzukulu zake zonse. Zili ngati ana asukulu okoperana notsi: mphunzitsi akapeza makope asanu olakwitsa liwu limodzimodzi pamzere umodzimodzi, amadziwa kuti onse atengera ku kope limodzi. Kusiyana kwa chilembo chimodzi kotereku kumatchedwa SNP, ndipo kachilombo kalikonse kali ndi liwiro lake. Vibrio cholerae, kachilombo ka kolera, wa mtundu womwe ukuzungulira padziko lonse masiku ano, amasonkhanitsa ma SNP pafupifupi 3 pa chaka m'zilembo pafupifupi 4 miliyoni. Salmonella Typhi, kachilombo ka taifodi, wa mtundu wa H58, womwe wafala ku Harare kuno komanso ku Blantyre kuyambira cha m'ma 2011, safika n'komwe pa SNP imodzi pa chaka. Kachilombo ka TB kamasintha kamodzi pa zaka ziwiri. SARS-CoV-2 wa COVID-19, yemwe genome yake, kutanthauza malangizo ake onse a chibadwa, ili ndi zilembo 30,000 zokha, amasintha pafupifupi kawiri pa mwezi. Manambala amenewa muwasunge, chifukwa ndi amene adzakuuzeni polekezera mukamamasulira zotsatira.

Funso liyambe, makina atsatire

Musanatsegule bokosi lililonse, lembani funso lanu m'chiganizo chimodzi. Ngati mukufuna kudziwa ngati wodwala ali ndi kolera, RDT (kachipangizo koyezera mwachangu) yotsatiridwa ndi culture (kumeretsa kachilombo m'labotale) kapena PCR (kuchulukitsa kachidutswa ka DNA kuti kaoneke) ikukwanirani. Ngati mukufuna kudziwa mankhwala omwe akugwirabe, ma disc, timapepala tonyowetsedwa ndi mankhwala toikidwa pa mbale yomeretsera ya Mueller-Hinton, ndi otchipa ndipo amayankha mwachindunji. Kuwerenga genome yonse, komwe anthu a m'labotale amangoti sequencing, n'kwa mafunso ena: kodi odwala a ku Kuwadzana ndi a ku Glen View ali pa mliri umodzi kapena iwiri? Kodi kachilomboka n'kotsala ka chaka chatha kapena kangolowa kumene? Kodi kusamva mankhwalaku kwachokera pa kusintha kwa chilembo, kapena kuli pa plasmid yomwe ingathe kudumphira mabakiteriya ena? Kuthira klorini m'madzi, kutseka mjigo woipitsidwa ndi kupereka ORS sizidikira yankho la DNA.

Sampulo ndi fomu yake

Ntchito zambiri zamtunduwu zimafera pano, makina asanayatsidwe n'komwe.

Tengani chimbudzi cha wodwala asanamwe mankhwala opha mabakiteriya. Musatunge mu ndowa ya pansi pa bedi la kolera. Ndowa zimenezo zimathiridwa klorini wamphamvu, ndipo ngakhale wotsalira pang'ono pansi pake amapha Vibrio; labotale idzakuuzani kuti palibe chamera pomwe wodwala akutsegula m'mimba madzi onga otsukira mpunga. Gwiritsani kabotolo koyera, kouma, kapena tengani swab ya kumatako. Swab yabwino imatuluka yonyowa, yoonetsa kuti yakhudza chimbudzi. Ilowetseni mpaka pansi pa kachubu ka Cary-Blair, phala losungira kachilombo paulendo, thyolani kamtengoko, tsekani zolimba. Ya kolera iyende pa kutentha kwa m'chipinda, yobisika ku dzuwa, ndipo musaiumitse mu firiza. Ikafike ku labotale mwamsanga, koma ngakhale itachedwa masiku angapo Vibrio amapirira mu Cary-Blair.

Taifodi imafunidwa m'magazi, ndipo vuto lake ndi kuchuluka kwa magaziwo. Mwa odwala ambiri mililita imodzi imakhala ndi kachilombo kamodzi kapena osakwana n'komwe, choncho botolo lothiridwa pang'ono limanama. Kwa wamkulu thirani 8 mpaka 10 ml pa botolo, kwa mwana 2 mpaka 4 ml malinga ndi msinkhu. Pukutani khungu ndi pakamwa pa botolo, dikirani ziume, ndipo musakhudzenso mtsempha ndi chala. Botolo lothiridwa kale lisalowe mu firiji. Ngakhale mutachita zonsezi bwino, culture imagwira pafupifupi theka kapena kupitirirako pang'ono la odwala enieni. Widal, kuyeza koyang'ana chitetezo cha thupi m'magazi, musaidalire pa ntchito imeneyi, chifukwa siikupatsani kachilombo koti muwerenge.

Nanga masampulo angati, ochokera kuti? Poyamba tsimikizani odwala 5 mpaka 10 oyambirira m'dera lililonse lomwe matenda aonekera. Kenako tengani ochepa sabata iliyonse, dera ndi dera, mpaka mliri utha. Masampulo 40 omwazikana m'miyezi ndi m'madera amanena zambiri kuposa 200 a sabata imodzi a chipatala chimodzi. Beatrice Road Infectious Diseases Hospital ndi Wilkins zimalandira makamaka odwala kwambiri. Mukadalira kumeneko kokha, odwala pang'ono omwe amathandizidwa m'makiliniki a ku Mbare, Mufakose, Dzivarasekwa kapena Epworth sadzaoneka pa mtengo wanu wosonyeza ubale wa tizilombo, pomwe nawonso akufalitsa.

Fomu ndi theka la sampulo. Ikhale ndi nambala yomweyo yomwe ili pa kabotolo, yolembedwa ndi cholembera chosafufutika pathupi pa kabotolo, osati pa chivindikiro, poti zivindikiro zimasinthana. Tsiku lofunika kwambiri ndi lomwe matenda anayamba, osati lomwe wodwala anafika kuchipatala. Lembani msinkhu, kumene amagona, kumene amagwira ntchito masana, mankhwala omwe wamwa kale, ndi ngati analandira katemera. Kolera imaonekera pakati pa maola ochepa ndi masiku 5, choncho funsani za masiku 5 apitawo. Taifodi imatha kubisala masiku 6 mpaka 30, choncho funsani za mwezi wathunthu.

Mafunso a madzi ndi a maulendo amafuna ulemu ndi nthawi. Munthu mukamufunsa kuti amamwa madzi a kuti, amayankha kuti a pampope, chifukwa ndiwo ovomerezeka. Funsani chonchi: "Agogo, pampope pakauma mumakatunga kuti? Ndi mjigo uti, wa pafupi ndi tchalitchi kapena wa kumsika?" Kenako mlangizi wa zaumoyo apite akalembe GPS ya mjigowo kapena chitsimecho. Funsaninso za maliro: ndani anasambitsa thupi, ndani anaphika, anthu anasamba m'manja m'beseni limodzi kapena ayi. Pa za maulendo, ambiri mwa ife olankhula Chichewa timayenda njira ya Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, kapena timalandira alendo ochokera kumudzi, ndipo ena mwa makolo athu alibe zitupa. Wofunsa akangooneka ngati wa za malire, yankho limakhala lakuti sitinapite kulikonse. Yambani ndi kuwamasula: "Amayi, za zitupa sitifunsa ayi, dzina lanu silipita kwina. Tikufuna tidziwe kumene matendawa adutsa kuti ana ena asadwale. Mwezi uno pabwera mlendo aliyense pakhomo pano?"

Madzi nawonso amatengedwa sampulo. Tungani lita imodzi kapena kuposa m'botolo lophedwa tizilombo, ndipo ngati madziwo ali ndi klorini thiranimo sodium thiosulfate kuti klorini asapitirize kupha m'njira. Sefani pa membrane ya 0.45 µm, ndipo membraneyo muiike mu alkaline peptone water. M'ngalande za suweji mangirirani Moore swab, yomwe ndi bandeji yopindapinda yomangidwa ku chingwe, ikhale m'madzi maola 24 mpaka 48. Mjigo ukatuluka wopanda kachilombo musafulumire kuuyeretsa mlandu. Mwina mwafika suweji itasiya kale kulowamo.

Potumiza, kutani katatu: kabotolo kotsekedwa, thonje lomwa madzi m'chotengera chachiwiri chosadontha, ndi bokosi lolimba lolembedwa UN3373. Mafomu akhale m'pulasitiki yawoyawo. Ku Harare masampulo otsimikizira amapita ku National Microbiology Reference Laboratory, yomwe ili pa Sally Mugabe Central Hospital. Ngati ntchitoyo ndi kafukufuku osati kulimbana ndi mliri chabe, pamafunika chilolezo cha Medical Research Council of Zimbabwe, ndipo kutumiza tizilombo kunja kwa dziko kumafuna pangano lolembedwa.

Kumeretsa kachilombo

Pa kolera, thirani sampulo mu alkaline peptone water wa pH pafupifupi 8.6 ndi kuisunga pa 35 mpaka 37°C kwa maola 6 mpaka 8. Vibrio amathamanga kuposa anzake m'maola oyambawo ndipo amakonda pamwamba, choncho musagwedeze. Tapani pamwamba penipeni. Mukaisiya usiku wonse mabakiteriya ena amamupitirira. Pakani pa TCBS, mbale yomeretsera Vibrio, yomwe pokonza imangowiritsidwa, siilowa mu autoclave. Pakatha maola 18 mpaka 24 yang'anani ma colony, timilu ta tizilombo tomera pa mbale, achikasu, osalala, a 2 mpaka 4 mm. Oxidase ndi antiserum ya O1 musayezere pa TCBS pomwepo, chifukwa asidi wa pambalepo amasokoneza. Samutsirani colony imodzi pa agar wamba kaye.

Colony imodzi, osati kukokolola mbale yonse. Mukasakaniza mitundu iwiri, kompyuta idzakupatsani genome ya kachilombo komwe kulibe. Mukapeza culture yoyera, isungeni tsiku lomwelo mu glycerol wa 15 mpaka 20 peresenti pa −80°C, timachubu tiwiri, m'mafiriza awiri osiyana ngati alipo. Kuzimazima kwa magetsi kumasungunula ndi kuumitsanso, ndipo ulendo uliwonse umapha gawo lina. Firiza ikhale pa jenereta, ikhale ndi choyezera kutentha cholemba chokha, ndipo magetsi akazima chitseko chisatsegulidwe. Kusamutsa kachilombo pa mbale ndi mbale kwa miyezi sikulowa m'malo mwa firiza: kamatha kutaya plasmid, ndipo mudzawerenga kachilombo kosiyana ndi komwe kanadwalitsa munthu.

PCR ndi zomwe zimaisokoneza

Pa kolera majini ofunidwa kawirikawiri ndi ompW, lomwe limati uyu ndi Vibrio cholerae, la O1 kapena O139 lomwe limanena gulu lake, ndi ctxA la poizoni wotsegulitsa m'mimba. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika kwambiri pa madzi. Vibrio cholerae wosakhala wa O1, wopanda poizoni, amakhala m'madamu ndi m'mitsinje mwachilengedwe. Madzi a ku Lake Chivero atatuluka ndi ompW yekha, sindiye kuti mwapeza gwero la mliri. Kumbukiraninso kuti PCR imaona DNA, ya kachilombo kamoyo ndi kakufa komwe, choncho madzi othiridwa klorini dzulo akhoza kutulukabe positive.

Pa real-time PCR, nambala ya Ct, yonena maulendo omwe makina achulukitsa DNA isanaoneke, ikachepa ndiye kuti DNA inali yambiri. Kusiyana kwa Ct ndi 3.3 kumatanthauza kuchulukana kakhumi. Ct ya 18 ndi yosakayikitsa. Ya 37 kapena 38 ibwerezedwe kuyambira pa kuchotsa DNA, chifukwa ndi m'dera lomwe kuipitsidwa kumaonekera.

Mdani wamkulu ndi zotuluka m'ma PCR am'mbuyo. Kachubu kamodzi komaliza kamakhala ndi makope mabiliyoni, ndipo kukatsegula pamalo olakwika kumamwaza timadontho tosaoneka pa tebulo, pa pipette ndi pa magolovesi. N'chifukwa chake ntchito imayenda njira imodzi yokha: chipinda chosakanizira mankhwala a PCR (master mix), chipinda chothirira DNA, chipinda cha makina. Chilichonse chikhale ndi ma pipette ake, makhoti ake, ngakhale zolembera zake. Yemwe walowa chachitatu asabwerere ku choyamba tsiku lomwelo. Pukutani ndi sodium hypochlorite wa 0.5 peresenti wosungunula kumene, kenako madzi, kenako ethanol wa 70 peresenti. Ethanol yekha amapha kachilombo koma DNA amaisiya bwinobwino, ndipo malabotale ambiri amapusitsika pamenepa. Ma tip akhale a sefa.

Ulendo uliwonse ukhale ndi ma control anayi, zoyesera ngati PCR yayenda bwino: madzi okha, control yopanda kanthu yomwe yadutsa njira yonse yochotsera DNA, positive yodziwika, ndi internal control mu sampulo iliyonse. Madzi akatuluka positive, tayani zotsatira zonse za ulendowo, ngakhale wina akukuimbirani foni kufuna mayankho. Internal control ikakana kutuluka, sampuloyo si negative, muli zotchinga. Chimbudzi chimakhala ndi mchere wa ndulu ndi zotsalira za zakudya zomwe zimafooketsa enzyme yokopera DNA. Sungunulani DNA gawo limodzi pa magawo khumi n'kubwereza. Magazi a PCR atengedwe mu kachubu ka EDTA, chifukwa heparin amatchinga. 

Kuwerenga genome

Chotsani DNA ku culture yoyera ya usiku umodzi. Vibrio ndi Salmonella amasweka mosavuta ndi ma kit wamba a column. TB ndi nkhani ina: imafuna labotale yotetezeka kwambiri, kupha kachilombo ndi kutentha kaye, ndi kuswa khungu lake ndi timikanda. Yezani kuyera: A260/280 ikhale pafupi ndi 1.8, A260/230 cha m'ma 2.0. Yachiwiriyi ikatsika kwambiri ndiye kuti mchere wa mu kit watsalira. Tsukaninso, ndipo column iume, ethanol athe, musanathire madzi otulutsira DNA. Kuchuluka kwake yezani ndi Qubit, chifukwa NanoDrop imawerengera RNA limodzi n'kukupatsani nambala yokoma yomwe si yoona.

Pa makina owerengera DNA, Illumina imawerenga tizidutswa tatifupi molondola kwambiri, ndipo ndiyo yoyenera kuwerengera ma SNP. Nanopore imawerenga zidutswa zazitali, makina ake a MinION ndi okwana m'thumba, ndipo imasonyeza bwino plasmid yathunthu ndi malo omwe majini okana mankhwala akhala. Imalakwitsa kawirikawiri pomwe chilembo chimodzi chabwerezedwa motsatizana. Pa taifodi, yomwe siisintha ngakhale kamodzi pa chaka, ma SNP abodza atatu ndi okwanira kulekanitsa odwala a nyumba imodzi. Musasakanize zotsatira za makina awiriwa pa mtengo umodzi musanayese tizilombo tingapo pa onse awiri n'kuona ngati akugwirizana. Flow cell ya Nanopore, kachipangizo kothiramo DNA, isungidwe pa 2 mpaka 8°C, isaume, ndipo muiyeze ikangofika. Ya MinION yokhala ndi mabowo amoyo osakwana 800 ndi yobweza.

Werengerani masampulo okwana ulendo umodzi musanayambe. Genome ya Typhi ndi zilembo 4.8 miliyoni. Kuti chilembo chilichonse chiwerengedwe maulendo 50 mufunika 240 Mb pa sampulo. Pa makina a Illumina, kit ya MiSeq v2 ya ma cycle 500 imapereka pafupifupi 8 Gb, zomwe papepala ndi masampulo 33. Ikani 24 kapena kuposerapo pang'ono, chifukwa masampulo sagawana mofanana ndipo ena amatsalira. Omwe zilembo zawo zawerengedwa maulendo osakwana 30 abwerezedwe. Makinawo amayenda kuposa tsiku lathunthu, choncho UPS ndi mafuta a jenereta zitsimikizidwe kaye. Magetsi akazima pakati, kit yonse yapita.

Pothira ma barcode, zizindikiro za DNA zosiyanitsira masampulo, pakhale anthu awiri, wina kuthira wina kuwerenga mokweza ndi kuchonga. Kusinthanitsa mabowo awiri pa plate sikuoneka pa makina alionse. Kumadzaoneka patapita milungu, wodwala wa ku Mabvuku atakhala pa nthambi ya ku Budiriro, anthu n'kuyamba kupeka nkhani ya momwe anayendera.

Pa kompyuta

Yambani ndi kukayikira. Pulogalamu ya FastQC ikuonetseni ubwino wa zowerengedwazo, Kraken2 ikuuzeni ngati muli mtundu umodzi wokha. Lumikizani genome ndi SPAdes, kapena Flye ngati ndi za Nanopore, n'kuyang'ana kukula kwake. Vibrio cholerae wotuluka ndi zilembo 7 miliyoni m'malo mwa 4 ali ndi mlendo m'kati, achotsedwe. Kenako yerekezani ndi genome yoyezera, N16961 pa kolera, CT18 pa taifodi, pogwiritsa ntchito Snippy kapena china chofanana nacho. Bisani zigawo zobwerezabwereza ndi zoyendayenda monga ma prophage ndi SXT, ndipo chotsani zidutswa zosinthanitsidwa ndi mabakiteriya ena pogwiritsa ntchito Gubbins. Mukapanda kutero, chidutswa chimodzi cholowa tsiku limodzi chimaoneka ngati ma SNP 200 a zaka zambiri. IQ-TREE imange mtengo. AMRFinderPlus ipeze majini okana mankhwala, GenoTyphi ipereke dzina la nthambi ya taifodi, ndipo H58 mudzaiona italembedwa 4.3.1. Kumene kulibe katswiri wa zimenezi, Pathogenwatch imachita zambiri mwa izi pa intaneti, ndipo Microreact imaika mtengo, mapu ndi masiku pa tsamba limodzi.

Jini lokana mankhwala likapezeka, litsimikizeni pa mbale. Majini ena amakhalapo koma osagwira ntchito, ndipo kusamva kwina kumachokera ku njira zomwe pulogalamu sinaziphunzire.

Mtengo wa Harare wokha sunena zambiri. Onjezani ma genome a miliri yakale ya kuno, a mayiko oyandikana nawo, ndi oimira nthambi zodziwika za padziko lonse. Kafukufuku wa 2017 yemwe anayerekeza ma genome a kolera oposa 1,000 anapeza kuti kuyambira 1970 kachilombo ka mliriwu kalowa mu Africa kuchokera ku Asia maulendo osachepera 11. Mliri waukulu wa ku Malawi wa 2022 ndi 2023 unapezeka kuti unali wa nthambi yatsopano, AFR15, osati yotsala ya zaka zam'mbuyo. Popanda ma genome oyerekezera, palibe akanadziwa zimenezi.

Kumasulira mtengo

Mtengo umakana mwamphamvu kuposa momwe umavomerera. Odwala awiri a kolera a mwezi umodzi akasiyana ma SNP 60, sanapatsirane, ndipo sanamwe pa gwero limodzi la posachedwa. Muli ndi miliri iwiri, ndipo gulu lofufuza ligawidwe pawiri. Koma akafanana ndendende, chomwe mwadziwa n'chakuti ali m'banja limodzi la posachedwapa basi. Pa kolera, mliri wa miyezi itatu ukhoza kutha tizilombo tambiri tisanasiyane ndi chilembo chimodzi. Pa taifodi n'zovutirapo: awiri ofanana ndendende akhoza kulekana chaka chathunthu, ndipo pakati pawo pangakhale munthu wosadwala wosunga kachilombo m'ndulu, monga zimachitikira kwa anthu 2 mpaka 5 pa 100 alionse omwe anadwalapo. Pa TB akatswiri ambiri amatenga ma SNP 5 kapena kucheperapo ngati chizindikiro cha kupatsirana kwa posachedwa, ndipo oposa 12 ngati kukana. Malire amenewo ndi a TB; musawasamutsire kwa kachilombo kena.

Apa m'pamene fomu ija imagwira ntchito. Ikani masiku oyambira matenda ndi ma GPS a madzi pambali pa mtengo. Odwala 15 a nthambi imodzi, oyamba kudwala m'sabata imodzi, 12 mwa iwo otunga pa mjigo umodzi, ndi umboni woti mjigowo utsekedwe lero. Odwala 15 omwewo opanda masiku ndi malo sakuuzani chochita. Ndipo yerekezani ndi anansi awo osadwala: ngati dera lonse limatunga pa mjigo womwewo, kupezeka kwake pa mafomu onse sikutsimikiza kanthu.

Mtengo sunenanso kuti ndani anapatsira mnzake. Ukaonetsa kuti kachilombo ka ku Harare kali pafupi ndi ka ku Lilongwe, Lusaka kapena Beira, pali njira zitatu: kachoka uko kubwera kuno, kachoka kuno kupita uko, kapena konse kachokera kumalo achitatu komwe palibe anawerenga genome. Dziko lomwe limawerenga kwambiri ndi lomwe limaoneka ngati gwero. Mu Novembala 2021 asayansi a ku Botswana ndi South Africa atalengeza mtundu wa COVID-19 wotchedwa Omicron, dziko la United States linatsekera apaulendo a mayiko asanu ndi atatu a kuno kum'mwera, Zimbabwe ndi Malawi ali momwemo, pomwe kachilomboko kanali katafika kale ku Ulaya. Poliyo yemwe analengezedwa ku Lilongwe mu Febuluwale 2022 anapezeka kuti ndi wachibale wa yemwe ankazungulira ku Sindh, Pakistan, koma DNA sinatchule munthu yemwe anamunyamula, ndipo sikanatha kutero.

Kwa ife a ku Mbare, Mufakose, Tafara ndi m'mapulazi ozungulira mzinda, nkhaniyi si ya m'mabuku. Chiganizo chimodzi cholembedwa mosasamala, chakuti kolera yabwera ndi a ku Malawi, chikafika pa WhatsApp chimagwera mayi wogulitsa tomato ku Mbare Musika ndi mwana wa ku sukulu. Chimawononganso ntchito yeniyeniyo, chifukwa anthu osalidwa amabisa odwala ndi maulendo awo. Kachilombo kangalowe ndi munthu mmodzi, koma chomwe chimadwalitsa zikwi ndi suweji yophulika pafupi ndi chitsime ndi mpope wouma milungu. Lembani zomwe mtengo wanena zokha: tizilombo ta kuno ndi ta uko ndi ta nthambi imodzi, tasiyana ma SNP akutiakuti, ndipo komwe kanayambira sikungadziwike ndi masampulo omwe alipo.

Lipoti lopita ku Harare City Health Department ndi ku unduna wa zaumoyo likwane tsamba limodzi, m'mawu omwe namwino wamkulu wa kiliniki angawerenge ali chiimire: masampulo angati, a madera ati, a masiku ati, nthambi zingati, mankhwala omwe akugwira ndi omwe asiya, ndi chomwe chiyenera kuchitika. Kusamva kwatsopano kwa mankhwala, monga azithromycin pa kolera kapena ceftriaxone pa taifodi, kusadikire lipoti; imbani foni tsiku lomwelo. Zotsatira zibwererenso kwa anamwino ndi alangizi omwe anatenga masampulo, chifukwa osauzidwa kanthu amagwa ulesi pa mliri wotsatira. Poika ma genome m'nkhokwe za pa intaneti za ENA kapena NCBI kuti anzathu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique ayerekezere, lembani mwezi, chaka ndi mzinda kapena dera lalikulu. Dzina, nambala ya nyumba, nambala ya chipatala ndi GPS ya pakhomo zitsale mu kaundula wokiyidwa wa labotale.